Makina Athu Sagwada

Lachinayi, 9 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Amayi ali bwino, kupatula kuthamanga kwa magazi kuja, ndipo Bambo akuyendabe ndi ndodo. Musadabwe kuti ndalemba kalata pamene tinalankhulana pafoni Lamlungu lomweli. Pafoni mumandidula. Ndikangoyamba mumati ndifupikitse muli pantchito, ndipo nkhani iyi ndayesa kangapo kuifupikitsa m'mutu mwanga, yakana. Ndikamaliza ndijambula masamba onse ndi foni n'kukutumizirani lero lomwe. Muwerenge mpaka kumapeto, kenako mundikalipire ngati kuli koyenera.

Opareshoni ya bondo la Bambo ichitika Lolemba monga ndinakuuzani. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti sawaikanso bondo limene iwo ankalifuna, ndipo wachititsa ndine. Kuyambira Lachiwiri sitikulankhulana bwino. Ine mwini sindikudziwa ngati ndawapulumutsa kapena ndawalanda chinthu chabwino, ndiye ndikufuna munthu mmodzi pabanja pano amve nkhani yonse kuyambira pachiyambi.

Ndiyambe ndi ntchito yanga, chifukwa ndikudziwa kuti mukafunsidwa mumangoti mlongo wanu amagwira ku labotale. Bondo lochita kupanga lili ndi zigawo zitatu. Pali chitsulo chimene amaveka kumapeto kwa fupa la ntchafu, china chimene amakhazika pamwamba pa fupa la m'munsi, ndi kapulasitiki kokhala pakati, pamene chitsulo cham'mwamba chimatsetsereka munthu akamayenda. Zitsulozo sizivuta kwenikweni. Chimene chimatha ndi kapulasitikiko, ngati mmene chimathera chidendene cha nsapato. Kusiyana kwake n'kwakuti fumbi la nsapato limatsala mumsewu, pamene fumbi la bondo limatsala m'thupi. Thupi likaona fumbilo limalimbana nalo, ndipo polimbanapo limatha kudya fupa lake lomwe, mpaka chitsulo chimayamba kugwedera. Zikatero munthu amabwerera kumpeni kachiwiri, ali wokalambirapo, fupa litachepa. Kapulasitiki kamene madokotala anakazolowera ndi koyera, ndipo mwa anthu ambiri kamakhala zaka khumi ndi zisanu, ena makumi awiri.

Kwathu kuntchito timayesa kapulasitiki katsopano kakuda. Kamada chifukwa amasakanizamo timachubu ta kaboni, timene ife timati mananochubu. Kaboni ndi chomwecho chimene chili m'makala ndi mumtima wa pensulo, koma apa chinapindidwa kukhala timapaipi tating'ono kwambiri, moti m'lifupi mwa tsitsi limodzi mungandandalike masauzande. Pa kulemera kwake, timalimba kuposa chitsulo. Nditafotokozera Bambo koyamba anamva msanga kuposa aliyense. Anati ndiye kuti mwaika waya m'konkire, ndipo kunena zoona sindinapezebe kafotokozedwe koposa kameneko.

Timayesa chonchi. Tili ndi makina okhala ndi malo asanu ndi amodzi, ndipo pamalo aliwonse timamangirira bondo limodzi m'thumba la madzi ofunda otengedwa m'magazi a ng'ombe, chifukwa amafananako ndi madzi a m'bondo la munthu. Makinawo amapinda bondo n'kuliwongola kamodzi pa sekondi, osapuma. Akapinda kokwana miliyoni imodzi timati munthu wayenda chaka chimodzi, ndipo zimenezi zimangotenga masabata awiri osakwana. Ntchito yanga ndi kuchotsa kapulasitikiko, kukayeza pasikelo kuti kachepa bwanji, kusefa madziwo, ndi kuwerenga pa maikulosikopu tizidutswa totsala pasefa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuchita zimenezi, ndipo nthawi zonse kakuda kamatha pang'ono kusiyana ndi koyera. Zimenezi n'zoona, ndinaziyeza ndi manja anga.

Cholakwa changa choyamba chinachitikira patebulo kunyumba. Mukudziwa mmene ndimakondera kufotokoza zinthu, ndipo Bambo ndi okhawo amene samandidula. Ndinkabwera Loweruka n'kuwauza kuti bondo lakuda layenda zaka khumi, layenda zaka makumi awiri, likadali ngati latsopano. Iwo ankagwedeza mutu n'kuuza Amayi kuti mverani Apulofesa akuphunzitsa. Mbali inayo sindinkaikamba, osati mobisa, koma poti si nkhani yokoma podya. Mbali inayo ndi iyi. Timachubu timeneti tikakhala totsekeredwa m'pulasitiki sitioneka kuti tikuvuta. Koma ofufuza ena anaona kuti tatitalitali ndi touma tikalowa m'mapapo a mbewa timatha kupweteka mofananako ndi ulusi wa asibesitosi, pamene tatifupi ndi topotana sitinaoneke toopsa choncho. Nanga tikatuluka m'pulasitiki n'kukhala m'bondo la munthu zaka makumi awiri? Thupi lidzatichotsa, lidzatisunga, kapena lidzalimbana nato? Palibe amene anakhala nato zaka makumi awiri kuti atiuze. Makina athu amathamangitsa kuyenda, koma thupi la munthu sitingalithamangitse.

Mwezi wa Ogasiti adokotala a mafupa ataona ekisirei ya Bambo anati bondo lakumanja latheratu, fupa likukhuza fupa. Anatchulanso kuti pachipatalapo pali kafukufuku, akuika kapulasitiki kakuda mwa anthu ochepa amene avomera, ndipo aziwaona chaka ndi chaka. Asanamalize n'komwe, Bambo anali atandiloza kale. Anauza adokotala kuti palibe chowafotokozera, mwini wake wa bondolo ndi uyu wakhala apayu. Adokotala anaseka, ine ndinaseka, ndipo anatipatsa fomu kuti tikalembere pabenchi panja.

Bambo anati magalasi aiwala kunyumba, ndiye ndilembe ndine. Tinayenda bwino mpaka funso lakhumi ndi chinayi. Linkafunsa ngati munthu amagwira ntchito yogwada, yonyonyomala kapena yonyamula katundu wolemera, ndipo m'munsi munalembedwa kuti oyankha inde sangalowe nawo m'kafukufukuyu. Ndinawawerengera mokweza, kawiri. Achimwene, munthu amene wayala matailosi zaka makumi anayi, amene tsiku lomwelo anavala buluku la zigamba za simenti m'mawondo, anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti ndilembe kuti anapuma.

"Mwapuma liti, Bambo?"

"Lero m'mawa. Lemba."

Ndinalemba. Sanandikakamize, sanakweze mawu. Ndinachonga pa ayi ndi dzanja langa, ndipo pobwerera ndinali wokondwa ndithu. Ndinadziuza kuti mwina apumadi, kuti zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri si zochepa, komanso kuti ndi bondo lakuda sadzabwereranso kumpeni. Mukukumbukira mmene anasinthira atakaona mnzawo wa njerwa uja atachitidwa opareshoni yachiwiri ya m'chiuno, amene sanadzukenso pampando? Kuyambira pamenepo Bambo amaopa mpeni wachiwiri kuposa woyamba.

Loweruka lotsatira Amayi anandituma kukawapatsira mapilitsi amene anaiwala. Ndinawapeza m'nyumba ina yosamalizidwa, akuyala bafa. Sindinawaonepo akugwira ntchito kuyambira ndili kusekondale. Amagwada pa katoni yopinda ndi bondo labwinolo, lodwalalo atalitambasulira kumbali, ndipo akafuna kudula tailosi amagwira khoma n'kudzuka, kupita pamakina odulira, kubwerera, kugwadanso. Ndinakhala pa ndowa yovundikira ngati ndikucheza, koma ndinatulutsa kabuku kanga n'kumalemba kamzere akagwada. Pofika masana timizere tinali titapitirira zana limodzi ndi makumi atatu.

Mpulamba woika mapaipi a madzi amene amagwira naye ntchito anandilonjera ngati mlendo wolemekezeka. Anati ndinu amene mwapanga bondo la achikulirewa, takumvani mbiri, akuti tikadzawaika m'manda bondolo lidzatsala likumalizitsa makhitchini. Onse anaseka, Bambo kuposa onse. Kenako ndinamva Bambo akuuza mwini nyumbayo kuti chipinda chochezera asapatse wina, adikire Febuluwale, adzabwera ndi bondo la mwana wawo. Ndipo si nyumba imeneyo yokha, alonjeza zitatu.

Pobwerera m'basi m'pamene ndinaganiza chinthu chimene ndinayenera kuchiganiza kalekale. Makina athu amayenda basi. Amayenda mowongoka, pamalo osalala, ngati munthu wopita kuofesi. Sagwada. Munthu akagwada bondo limapindika mpaka kumapeto, ndipo kulemera konse kumapita kumbuyo, m'mphepete mwa kapulasitiki, pamene poyenda sipakhudzidwa kwenikweni. Zaka makumi awiri zija ndinkanyadira patebulo zinali zaka za munthu wina, osati za Bambo athu.

Apa ndi pamene ndinachita cholakwa china, kapena mwina chinthu chokhacho chanzeru, sindikudziwa. Pamakina panali malo amodzi opanda kanthu, achisanu ndi chimodzi, chifukwa bondo la pamenepo tinali titalichotsa kuti tilicheke. Ndinatenga kapulasitiki kakuda kotsala m'kabati, ndinakamangirira, ndinasintha malamulo a makina kuti apinde mpaka pamene angathere, ndipo ndinaika kulemera kwa Bambo, monga kunalembedwera pafomu paja. Sindinapemphe chilolezo kwa aliyense. Kwa masiku khumi ndi asanu ndi anayi ndinkalowa m'chipindamo m'mawa uliwonse n'kuona mawondo asanu akuyenda mwaulemu, limodzi likugwada lokha kumapeto. Anzanga ankaganiza kuti abwana ndi amene alamula, ndipo ine sindinawawongole.

Lachisanu lapitali ndinasefa madziwo. Nthawi zonse sefa imatuluka yoyera kapena yotuwa pang'ono, moti fumbi umaliona pa maikulosikopu pokha. Iyi inatuluka ndi banga lakuda looneka ndi maso. Kapulasitikiko kanali katanyotsoka m'mphepete chakumbuyo. Nditaika sefayo pa maikulosikopu yaikulu ndinaona tizidutswa tokhala ndi tiubweya totulukira kunja. Tiubweyato ndi timachubu tija, tatuluka m'konkire. Zaka zonsezi sindinaonepo zoterezi. Ndinazimitsa, ndinakasamba m'manja, ndinabwerera kukayang'ananso ngati kuti mwina zisintha.

Lolemba m'mawa ndinapita nazo kwa abwana anga. Timawatchula kuti Mayi Bwerezani, iwo osamva, chifukwa ungawapititsire zotsatira zokongola bwanji, yankho lawo ndi lomwelo. Anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali, anatembenuza kapulasitikiko ndi kopanira, kenako anafunsa funso limodzi.

"Koyera kali kuti?"

Achimwene, ndinachita manyazi ngati mwana wa sukulu. Lamulo loyamba pantchito yathu, limene ine ndimaphunzitsa obwera kumene, ndi lakuti chatsopano suchiyesa chokha. Umachiyesa pambali pa chakale, tsiku limodzi, madzi amodzi, kuti udziwe chimene chaposa chinzake. Ine ndinali ndi malo amodzi, mtima uli m'mwamba, ndipo ndinaika kakuda kokha. Abwana anandiwerengera modekha. Mwina koyera kakanaphwanyika kuposa pamenepa. Mwina makinawo, poti sanapangidwire kupinda choncho, ankamenyetsa chitsulo m'mphepete mwanjira imene bondo la munthu silingachite. Mwina ndinamangirira mopendekeka. Mwinanso ndaona chinthu chenicheni chimene tonse tinachiphonya. Anati chimene ndawabweretsera ndi funso, osati yankho, ndipo kuti tiliyankhe pafunika takuda titatu ndi toyera titatu, makina atakonzedwa bwino, miyezi itatu. Anatinso adziwitsa oyendetsa kafukufuku wa kuchipatala kuti tikuyesa zimenezi, ndipo ine ndilandira kalata yondichenjeza chifukwa chogwiritsa ntchito makina popanda chilolezo. Zonsezi anazinena osakwiya, zimene zinandipweteka kwambiri.

Kenako anafunsa kuti kulemera kumene ndinaika pamakina ndi kwa ndani, popeza si nambala imene timagwiritsa ntchito. Ndinawauza zonse, za fomu, za funso lija, za Febuluwale. Anavula magalasi n'kunena kuti zimenezo sanazimve ngati bwana, azimva ngati munthu amene nayenso ali ndi bambo osamva. Anati nkhani ya sefa ingadikire miyezi itatu, koma nkhani ya fomu singadikire, ndipo anandipatsa masana onse kuti ndipite kuchipatala.

Ndinayenda wapansi, ngakhale ndi kutali, kuti ndipeze nthawi yosintha maganizo. Panjira ndinasintha kanayi. Pa mphambano ndinati ndibwerere, chifukwa ndilibe umboni, ndipo zimene ndaziyeza bwinobwino zaka zisanu ndi chimodzi zikunena kuti kakuda n'kabwino. Pafupi ndi sitolo ya mankhwala ndinati ayi, ndinanama pafomu ndipo ndiyenera kukonza. Pageti ndinaganiza kuti ngati Bambo adzabwerere kumpeni ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zisanu ndi ziwiri chifukwa koyera katha, adzakhala atabwezedwa ndi ine. Pamasitepe ndinaona tiubweya tija m'maso mwanga. Ndinagogoda ndisanasankhe.

Adokotala anamva osandidula. Za sefa sanafune kumva zambiri, anati zimenezo adzazimva kwa abwana anga zikadzayesedwa bwino. Anati funso lakhumi ndi chinayi analiika dala, chifukwa iwonso akudziwa kuti za kugwada sizinayesedwe, ndipo munthu wogwada sangamuike m'kafukufuku ngakhale atakhala bambo awo omwe. Ndinawafunsa mosabisa kuti pa ziwirizi chabwino n'chiti. Anati koyera amakadziwa ngati mnansi wa zaka zambiri, zoipa zake angazitchule chimodzichimodzi chifukwa achotsapo tambiri totha, pamene kakuda sanachotsepo ngakhale kamodzi, ndiye sangakanenere zoipa kapena zabwino. Anawonjeza kuti ngakhale ndi koyera, kugwada tsiku lonse iwo sangakuvomereze. Anafunsa ngati ndikufuna kuti iwo adokotalawo ndiwo awauze Bambo. Ndinati ayi, ndikawauza ndine, poti ndine ndinalemba.

Ndinawauza Lachiwiri madzulo, dzuwa likadalipo. Anali kuseri kwa nyumba atakhala pa mpando wawo wamfupi uja, mwendo atautambasula, akupala simenti youma pa chipande chawo chomatira. Ndinafotokoza mwadongosolo monga ndachitira kwa inu. Anapitiriza kupala mpaka nditafika poti ndapita kwa adokotala. Pamenepo anasiya.

"Ndiye zaka zonsezi umatinamiza?"

"Ayi, Bambo. Zonse ndinkakuuzani n'zoona."

"Ndiye ukunama lero."

"Ayi, nazonso n'zoona."

"Chinthu chimodzi chikhale cholimba, chomwecho chikhale chosalimba?"

Ndinayamba kufotokoza za kuyenda ndi kugwada, za malo amodzi pamakina, za koyera kamene sindinaike. Anakweza dzanja. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuti Bambo andidule. Anati iwo akayala bafa, mwini nyumba akafunsa ngati madzi azipita kudzenje, sayankha kuti mwina. Amathira ndowa ya madzi pomwepo onse akuona. Ndinati ndowa yathu imatenga zaka makumi awiri kuti ifike kudzenje. Anati ndiye ndikanawauza zimenezo patebulo paja, asanakalengeze kwa anthu. Anadzuka, anakana dzanja langa, analowa m'nyumba.

Pa zonse zimene ananena, za kulengeza kwa anthu ndi zimene zikundisowetsa mtendere. Ndinkaganiza kuti akufuna bondo lakuda chifukwa choopa mpeni wachiwiri, ndipo n'zoona amaopa. Koma Amayi anandiuza kukhitchini kuti chiyambire Ogasiti palibe amene wadutsa pamsewu wathu osamva za bondo la mwana wawo, ngakhale wobweretsa makalata. Anati Bambo sanapite patali ndi sukulu, ndipo ntchito yanu, Achimwene, saimvetsa, koma yangayi anaimvetsa, ndiye ankafuna kuyenda nayo m'thupi. Ine ndinawalanda zimenezo popanda kuwafunsa.

Amayi nawonso akundisokoneza. Lachiwiri lomwelo anandikalipira kuti ndikanayamba kuuza iwo, akanadziwa powagwira Bambo, osati kuthamangira kwa adokotala ngati ndikukanenera munthu wakuba. Dzulo anandikokera pakhonde n'kundinong'oneza kuti ndachita bwino, mwina tsopano bambowa amva kuti nthawi yogwada yatha, iwo atopa kuchapa mabuluku a simenti. Lero m'mawa anati zonsezi ndi chifukwa cha sukulu yambiri. Sindikudziwa kuti ali mbali iti, ndipo ndikuganiza kuti nawonso sakudziwa.

Dzulo Bambo anapita kuchipatala ndi Amayi kukasainira koyera. Magalasi anatenga. Amayi akuti Bambo analemba fomu yonse okha, pang'onopang'ono, mpaka namwino anabwera kawiri kudzafunsa ngati akufuna thandizo, iwo n'kukana. Pa funso la ntchito analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti amayala matailosi. Pamene pamafunsa munthu woti adziwitsidwe opareshoni ikatha analembapo dzina la Amayi lokha. Pafomu yoyamba tinalipo awiri.

Tsopano ndikuuzeni za lero, zimene zandichititsa kutenga pepala. Ndinadutsirako m'mawa ndisanapite kuntchito, kukasiya sopo wapadera amene achipatala anati asambire Lamlungu. Bambo anali pakhonde. Ndinawapatsa moni, anayankha mwachidule, ndinaika sopoyo pawindo n'kutembenuka. Anandiitana. Sanati Apulofesa, anati iwe.

"Iwe, ndikufunse chimodzi, ndipo usandiphunzitse. Likanakhala bondo lako, ukanasankha liti?"

Ndikanatha kunama, Achimwene. Bodza limodzi laling'ono likanatseka nkhani yonse, iwo akanapita Lolemba ndi mtima umodzi. Koma ndinali nditanama kale kamodzi chifukwa cha bondo lomweli. Ndinaima pamenepo n'kudzifunsa moona, ndipo yankho limene linabwera linandidabwitsa ine ndemwe.

"Lakuda, Bambo."

Ndinafuna kuwonjeza kuti ine sindigwada, kuti ine ndili ndi zaka zambiri kutsogolo zoti koyera kathe kawiri, kuti munthu angaike thupi lake pa chinthu chosadziwika koma sangaikepo thupi la bambo ake ndi fomu yabodza. Zonsezo zinali pakamwa. Koma anali atandiuza kuti ndisawaphunzitse, ndiye ndinatseka pakamwa.

"Ndiye wandisankhira limene iwe sungalifune," anatero. Kenako anati, "Chabwino. Bola sunaname. Pita, uchedwa."

Ndakhala tsiku lonse ndikutembenuza mawu amenewo. Sindikudziwa ngati anali kundikhululukira kapena kunditsekera chitseko. Kuntchito ndathandiza kumangirira takuda titatu ndi toyera titatu, ndipo mu Januwale tidzadziwa kanthu. Ngati koyera kadzanyotsoke kuposa kakuda, ndiye kuti ndawapatsa Bambo chofooka chifukwa cha sefa imodzi imene ndinaiyesa molakwika. Ngati kakuda kadzatulutsenso tiubweya tija, ndiye kuti ndinachita bwino, komabe sitidzadziwa ngati tiubweyato tikanawapweteka n'komwe. Pofika nthawi imeneyo bondo lidzakhala litalowa kale, bala litapola. Ndaphunzira zaka zonsezi kuti ndizidziwa zinthu, ndipo pa chinthu chimodzi chimene banja lathu linandidalira, chimene ndinganene motsimikiza n'chakuti Bambo amagwada ndipo ine ndinalemba kuti sagwada.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, muwaimbire Lamlungu masana, asanayambe kusala kudya kokonzekera opareshoni. Musanditchule, musandiikire kumbuyo, ndiponso musawauze kuti mwawerenga kalatayi. Muwafunse za ntchito yawo. Mwachitsanzo, afunseni mmene mungakonzere tailosi ya m'khitchini mwanu imene alamu anati ikulira mukapondapo, ndipo muwalole afotokoze mpaka amalize, ngakhale atenge ola. Akufunika munthu woti amuuze chinthu chimene akuchidziwa bwino. Chachiwiri, za nyumba zitatu za Febuluwale musazikambe panopa. Imeneyo ndi nkhondo ina, ndipo tidzaimenya tonse bala likapola. Ine ndekha sindingathenso.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti chithunzi cha ana chinafika ndipo Amayi achiika pamwamba pa wailesi. Wamkuluyo watalika ngati inu. Mumuuze wamng'ono kuti azakhali ake sanaiwale buku la nyenyezi lija, lidzabwera. Amayi akupereka moni wambiri, akuti muzivala zofunda ndipo musamadye mochedwa. Moni wa Bambo sindingaupeke, chifukwa sakudziwa kuti ndikulemba, koma mudzaumva nokha Lamlungu.

Pochoka m'mawa muja Amayi ananditsatira mpaka pageti n'kunena mokweza, dala, kuti Lolemba ndifike sikisi koloko ndidzanyamule chikwama, iwo msana ukuwawa. Bambo anali pakhonde pomwepo ndipo anamva. Sanavomere, koma sanakane. Ndagwira pamenepo, Achimwene, ndipo ndifika isanakwane sikisi.

Mutikumbukire tonse atatu Lolemba.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Mzime